Botolo la pansi pa bedi

Wodwala akangofika kuchokera ku opaleshoni ya mtima, maso a aliyense amathamangira m'mwamba, pa makina oonetsa kugunda kwa mtima. Ine ndimayamba ndagwada. Chakumiyendo kwa bedi kumakhala botolo la pulasitiki la mizeremizere, ndipo m'botolomo mumathera mapaipi awiri, nthawi zina atatu, otuluka m'chifuwa mwa munthuyo, chakumunsi kwa bala. Ndimatenga cholembera, n'kudula kamzere pamene magazi alekezera, n'kulemba nthawi pambali pake. Pakapita mphindi 15 ndimagwadanso. Kenako pa theka la ola, kenako ola lililonse mpaka kunja kuche.

Ndagwira ntchito ya unamwino m'chipinda cha odwala mwakayakaya kwa zaka zambiri, ndipo ndinaphunzira kuti botolo limeneli limalankhula. Magazi akamatsika pang'onopang'ono, akuda, kenako n'kuyamba kutuwa mpaka kukhala ngati madzi ofiirira, mtima umakhala pansi. Koma akamabwera ofiira psuu, paipi n'kumafunda ukaigwira m'dzanja, umadziwa kuti angotuluka kumene m'thupi, ndipo usiku umenewo pampando sukhalapo.

Pali mankhwala amene achepetsa kwambiri usiku wa mtundu wachiwiriwu. Odwala ambiri sawadziwa n'komwe, chifukwa amawalandira ali m'tulo, ndipo akadzuka palibe amakumbukira kuwauza. Dzina lake ndi tranexamic acid, ife timangoti TXA. Amabwera m'kabotolo kakang'ono kagalasi, ooneka ngati madzi wamba. Ndimawakonda mankhwala amenewa. Ndinaonanso ndi maso angawa zimene amachita akachuluka m'thupi, ndipo zonse ziwirizi ndi zimene zandikhazika pansi kuti ndilembe.

Anthu ambiri amaganiza kuti munthu amataya magazi chifukwa choti amudula basi. Kudulako kulipo ndithu. Fupa la pachifuwa amalicheka pakati kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo m'kati mwa fupa mumachucha magazi. Koma chosokoneza chachikulu ndi makina amene amagwira ntchito ya mtima ndi mapapo pa nthawi imene dokotala waimitsa mtima kuti asoke. John Gibbon ndi amene anayamba kupulumutsa nawo munthu, mu 1953 ku Philadelphia, ndipo kuyambira nthawi imeneyo asintha kwambiri, koma vuto lake likadali lomwe lija. Magazi sanalengedwe kuti aziyenda m'mapaipi a pulasitiki. Akangokhudza chinthu chachilendo amafuna kuundana. Ndiye kuti asaundane m'makinamo, wodwala amapatsidwa heparin wambiri zedi, woti sitingayerekeze kupereka kwa munthu wogona m'wodi. Magaziwo amasakanikiranso ndi madzi amene amayamba adzazira m'makina, motero amasungunuka. Thupi amaliziziritsa, ndipo magazi ozizira amachedwa kugwirana. Mapulateleti, tizidutswa tija timathamangira kukatseka bala, amabwerako kumakinako atatopa, ena ataphwanyika. Pomaliza amapereka protamine kuti athetse mphamvu ya heparin, koma protamine sabweza zonse zimene zasokonekera.

Ndiye pali china chimene ine ndinachedwa kuchimvetsa, ngakhale ndinkachiona tsiku ndi tsiku. Thupi limadziwa kuluka, limadziwanso kumasula. Mtsempha ukabooka, limaluka ukonde wa timaulusi totchedwa fibrin, ndipo ukondewo umakola mapulateleti ndi maselo ofiira mpaka bowo litatsekeka. Koma ukonde umenewu suyenera kukhalapo mpaka kalekale. Bala likapola uyenera kuchoka kuti magazi azidutsa. Choncho m'magazi mumayenda mmisiri wina ali chigonere, dzina lake plasminogen. Makoma a mitsempha akatulutsa chomudzutsa, amasanduka plasmin, n'kuyamba kudula timaulusi tija. Mwa munthu wabwinobwino, woluka ndi womasula amapatsana mpata. Pa makina a mtima ndi mapapo, chodzutsa chija chimakhuthuka chambiri nthawi imodzi, moti awiriwa amapezeka pa ukonde umodzi, uyu akumanga, uyu akudula pambuyo pake. Zikatero magazi sachokera pamalo amodzi poti dokotala n'kusoka. Amangochucha paliponse, m'mphepete mwa fupa, m'mabowo a singano, pa mnofu uliwonse pamene mpeni unadutsa, ngati khoma lomwa madzi nthawi ya dzinja.

Kuti adule ukonde, plasminogen amayamba waugwira, ndipo amagwira pa timalo tina pamene pali kanthu kotchedwa lysine. TXA anapangidwa mofanana ndi lysine. Akalowa m'magazi amadzaza manja a plasminogen, ndiye mmisiri uja akafika pa ukonde amapeza kuti alibe chogwirira. Nzeru yake yonse ndi imeneyo. Mankhwalawa sayambitsa okha kuundana kwa magazi. Amangoteteza chimene thupi laluka kale kuti chisamasuke nthawi isanakwane.

Anachokera ku Japan. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, Utako Okamoto ndi mwamuna wake Shosuke Okamoto anayamba kufufuza za magazi, ndipo chimene chinkawawawa mtima chinali amayi omwalira chifukwa chotaya magazi pobereka. Anayamba ndi epsilon-aminocaproic acid, amene akugwirabe ntchito mpaka lero, makamaka ku America, ndipo mu 1962 analengeza za mankhwala ena amphamvu kuposa amenewo maulendo angapo, omwe ndi TXA yemweyu. Utako ankagwira ntchito mu labotale mwana ali kumsana. Madokotala ochiritsa amayi pa nthawiyo sanavomere kuyesa mankhwala ake pa vuto limene iye anawapangira. Anamwalira mu 2016 ali ndi zaka 98, kutangotsala chaka chimodzi kuti zotsatira za kafukufuku wa WOMAN zituluke. Kafukufukuyu anachitika pa amayi oposa 20,000 m'mayiko 21, ndipo anapeza kuti mankhwalawa amachepetsadi imfa za kutaya magazi pobereka. Ndikaona zilembo zitatu zija pa pepala lochokera ku thiyeta, nthawi zina ndimakumbukira mayi ameneyu, ndipo zimandipweteka kuti sanamve yekha.

Pa opaleshoni ya mtima, amene amapereka TXA ndi dokotala wogonetsa. Wodwala akagona, mpeni usanakhudze khungu, amabaya mlingo woyamba mu diripi, mosathamanga, chifukwa ukaukankha mofulumira kuthamanga kwa magazi kumatha kutsika. M'zipatala zambiri amapitiriza kudonthetsa pang'onopang'ono mpaka opaleshoni itatha, ena amathirako pang'ono m'madzi a m'makina aja. Amapereka magazi asanayambe n'komwe kutayika. Mabungwe a madokotala a opaleshoni ya mtima ku America ndi ku Ulaya anaika mankhwala a gulu limeneli pa malangizo awo amphamvu kwambiri, kwa pafupifupi aliyense amene akupita pa makina a mtima ndi mapapo.

Wina angafunse kuti, nanga magazi akatayika osangomuika ena bwanji? Ine ndimapereka magazi, ndipo ndaonapo anthu amene tinali titataya mtima akubwerera chifukwa cha paketi imodzi yofika pa nthawi yake. Magazi opereka sindingawanyoze. Komatu si madzi a mu diripi ayi. Ndi mbali ya thupi la munthu wina imene tikulowetsa mwa mnzake, ndipo thupi limadziwa kuti mlendo walowa. Pali odwala amene amatentha thupi n'kuyamba kunjenjemera paketi isanafike pakati. Pali amene mtima wawo, wongosokedwa kumene, umalephera kukankha madzi ochuluka chonchi nthawi imodzi, mapapo n'kudzaza. Pali vuto lina losowa koma loopsa, pamene zinthu za m'magazi a woperekayo zimavulaza mapapo a wolandira m'maola 6 oyamba. Ndipo pali kulakwitsa kwa anthufe. N'chifukwa chake paketi iliyonse timaiwerenga anamwino awiri, mokweza, dzina, nambala, gulu la magazi, tsiku lothera ntchito, wina akuyang'ana pa paketi, wina pa kalamba ka pamkono wa wodwala, ngakhale ikhale 3 koloko ya usiku maso akulemera. Paketi ikachepa imodzi, mpata wolakwitsa wachepanso umodzi.

Ndiye magaziwo sagwa ngati mvula. Paketi iliyonse ndi munthu amene anasiya zochita zake n'kukatambasula mkono. Opaleshoni ya mtima imadya gawo lalikulu la magazi a m'nkhokwe, ndipo wodwala mmodzi wotaya magazi kwambiri akhoza kumaliza usiku umodzi zimene anthu 20 anapereka. Usiku womwewo m'chipatala chomwecho muli mayi wobereka, muli wovulala pa ngozi ya pamsewu. Tinaphunziranso kudekha. Kafukufuku wa TRICS-III wa mu 2017, pa odwala mtima oposa 5,000, anaonetsa kuti kudikira mpaka hemoglobin, chinthu chofiira chonyamula mpweya m'magazi, atatsika pansi pa 7.5 n'kotetezeka mofanana ndi kuthamangira kuika magazi akangotsika pansi pa 9.5. Koma kudekha kumatheka botolo likakhala kuti silikudzaza.

Komabe kukonda bala louma kunatisocheretsapo, ndipo mbiri imeneyi aliyense wogwira ntchito yathuyi ayenera kuidziwa. Pali mankhwala ena oletsa kumasuka kwa ukonde uja, aprotinin, amene amachokera m'mapapo a ng'ombe ndipo amagwira ntchito mwa njira ina, pomanga plasmin mwiniwakeyo pamodzi ndi zinthu zina zingapo za m'magazi. M'zaka za m'ma 1980, David Royston ndi anzake pa chipatala cha Hammersmith ku London ankawayesa pofuna kuteteza mapapo ku kutupa kumene makina aja amayambitsa. Chimene chinawadabwitsa chinali china. Bala linali louma kuposa mmene anazolowerera. Mu 1987 analemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet za odwala 22 amene ankatsegulidwa chifuwa kachiwiri, opaleshoni imene imataya magazi kwambiri chifukwa cha zipsera zakale. Amene analandira aprotinin anataya mamililita 286 powerengera onse pamodzi n'kugawa, pamene anzawo anataya mamililita 1,509. Dokotala amene wakhala zaka akupukuta magazi osatha ataona manambala otere, mukuganiza angatani? Bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linavomereza mankhwalawa mu 1993, ndipo kampani ya Bayer inawagulitsa m'mayiko ambiri pa dzina la Trasylol.

Mu 2006, Dennis Mangano ndi anzake anatulutsa zimene anapeza pa odwala 4,374. Amene analandira aprotinin, chiopsezo choti impso zileke kugwira ntchito mpaka kufunika makina osefa magazi chinali chowirikiza kawiri. Ambiri anatsutsa, ndipo anali ndi mfundo. Odwalawo sanagawidwe mwa maere, ndipo aprotinin ankapatsidwa kawirikawiri kwa odwalitsitsa, amene impso zawo zikanavutika ngakhale popanda mankhwalawo. Koma nthawi imeneyo ku Canada kunali kukuchitika kale kafukufuku wa BART, wogawa odwala mwa maere m'magulu atatu: aprotinin, TXA ndi aminocaproic acid. Anali odwala 2,331 a maopaleshoni ovuta. Pa nkhani ya magazi aprotinin anapambanadi. Kutaya magazi koopsa kunachitikira 9.5 peresenti ya omulandira, pamene m'magulu ena awiri aja inali 12.1 peresenti. Koma atawerenga amene anamwalira m'masiku 30, anapeza 6 pa 100 aliwonse kwa aprotinin, ndi pafupifupi 4 pa 100 kwa ena awiriwo. Kafukufukuyo anaimitsidwa asanathe, mu Okutobala 2007, ndipo mwezi wotsatira Bayer inaimitsa kugulitsa mankhwalawo.

Nkhaniyi sinathere pomwepo. Akuluakulu oona za mankhwala ku Canada mu 2011 ndi ku Ulaya mu 2012 anaunikanso BART n'kupeza zofooka, monga odwala ena amene anachotsedwa pa chiwerengero, komanso kaperekedwe ka heparin, poti aprotinin amasokoneza njira ina yoyezera mphamvu yake. Analola kuti abwererenso, koma kwa gulu lochepa la odwala, ndipo madokotala akadali ogawikana mpaka lero. Chimene chimandisowetsa mtendere ineyo ndi zaka zoposa 10 zija za pakatipo. Nthawi yonseyo anthu a ntchito yanga ankagwada, n'kuona botolo lopanda kanthu, n'kusangalala, ndipo kusangalala kwawoko kunali koona. Koma botolo silionetsa impso. Silionetsanso amene sanafike kunyumba patatha milungu itatu, atachoka kale m'manja mwathu.

Ndiye aprotinin atachoka, zipatala zambiri zitatembenukira kwa TXA, funso lomwelo linayenera kufunsidwa. Ngati mankhwalawa amateteza magazi oundana, kodi sangatseke mitsempha yatsopano imene dokotala wangolumikiza kumene pa mtima, yopyapyala ngati kachingwe ka nsapato? Kodi sangabweretse sitiroko? Mantha amenewa anali anzeru, ndipo madokotala ena abwino kwambiri ankakana kuwapereka pa chifukwa chomwechi.

Yankho lalikulu linachokera kwa Paul Myles wa ku Melbourne ndi anzake, m'kafukufuku wa ATACAS, amene anasindikizidwa mu New England Journal of Medicine mu 2017. Odwala 4,631 olumikizidwa mitsempha ya mtima anagawidwa mwa maere, ena TXA, ena madzi amchere opanda mankhwala. Ulendo uno funso loyamba silinali la botolo. Anayamba ndi kuwerenga imfa ndi kutsekeka kwa mitsempha, kaya ya mtima, ya ubongo, ya mapapo, ya impso kapena ya matumbo, m'masiku 30. Zimenezi zinagwera 16.7 peresenti ya olandira TXA ndi 18.1 peresenti ya osalandira, kutanthauza kuti mankhwalawa sanawonjezere ngoziyo. Kenako anawerenga magazi. Gulu la TXA linalandira mapaketi 4,331 a magazi ndi zigawo zake, gulu linalo 7,994. Obwezedwa ku thiyeta chifukwa chotaya magazi anali 14 pa 1,000 aliwonse, poyerekeza ndi 28.

Nambala yomalizayi ndi imene imandikhudza kwambiri, chifukwa ndikudziwa mmene kubwerera ku thiyeta kumakhalira. Munthu wangoyamba kufunda, achibale auzidwa kuti zayenda bwino, ena abwerera kunyumba kukagona. Ndiye timamukankhanso m'khonde pakati pa usiku, mawaya a pafupa amadulidwa, chifuwa n'kutsegulidwanso. Obwezedwa chonchi amakhalitsa pa makina opumira, mabala awo amatenga matenda mosavuta, ndipo amene amamwalira amachuluka. Kuchotsa theka la maulendo amenewa ndi kabotolo kamodzi si chinthu chaching'ono.

Koma m'kafukufuku yemweyo munali nambala ina. Ogwidwa ngati khunyu opaleshoni itatha anali 7 pa 1,000 aliwonse m'gulu la TXA, ndi 1 pa 1,000 m'gulu linalo. Ofufuzawo anali atatsitsa kale mlingo kafukufuku ali m'kati, kuchoka pa mamiligalamu 100 pa kilogalamu iliyonse ya thupi kufika pa 50, chifukwa malipoti a vuto limeneli anali atayamba kumveka.

Pa pepala, 7 pa 1,000 imaoneka yochepa. Ine ndinakumana nayo pa bedi. Anali mayi achikulire, a zaka za m'ma 70, amene anawasintha valavu ya mtima, ndipo impso zawo zinali zofooka kale asanabwere. Botolo lawo silinandidandaulitse ngakhale pang'ono. Patapita maola angapo thupi litafunda, tinayamba kuchepetsa mankhwala ogonetsa kuti adzuke. Ndinawagwira dzanja, n'kuwerama pafupi ndi khutu lawo.

"Amayi, opaleshoni yatha, zonse zayenda bwino. Ngati mukundimva, finyani dzanja langali."

Sanafinye. Chikope cha kumanzere chinayamba kuphethira chokha, mofulumira, kenako ngodya ya mlomo inakokeka, kenako mkono wonse, ndipo ndisanamalize n'komwe kuitana mnzanga, thupi lonse linali likuphupha, mano ataluma paipi yopumira, makina onse akulira nthawi imodzi. Maganizo anga anali pa fupa la pachifuwa lija, longomangidwa kumene ndi mawaya, likugwedezeka chonchi. Tinawabwezera m'tulo mwachangu. Aliyense m'chipindamo ankaganiza chinthu chimodzi, sitiroko, poti opaleshoni ya valavu imatha kutumiza kachidutswa kapena kampweya ku ubongo. Tinawatengera kukajambula mutu, ndi mapampu onse, ndi botolo lomwe. Chithunzi chinatuluka chabwinobwino.

Mwana wawo wamkazi anali atakhala panja pa chitseko kuyambira masana. Nditatuluka anaimirira.

"Anamwino, mayi anga chibadwire sanagwepo khunyu. Chachitika n'chiyani?"

Funso lake linali loyenera, ndipo usiku umenewo ndinangomuuza zimene tinaona ndi zimene tinachita. M'mawa mwake dokotala wogonetsa anabwera ndi pepala la ku thiyeta. Anaika chala pa mlingo wa TXA, kenako pa zotsatira za impso, ndipo anakhala pansi ndi mwana uja n'kumuuza mosabisa kuti mlingowo unali waukulu kwa impso zotere, ndi kuti iye akuona kuti gwero ndi limenelo. Ndinamulemekeza kwambiri tsiku limenelo. Mayi aja anadzuka patatha masiku awiri, nzeru zonse zili m'malo mwake, ndipo vutolo silinabwererenso. Koma anali masiku awiri owonjezera pa makina opumira, kwa munthu wa msinkhu umenewo, ndipo chibayo chimadikirira pomwepo.

Chimene chimachitika n'chakuti TXA sasinthidwa kwenikweni m'thupi. Pafupifupi yense amatuluka momwe analowera, kudzera mu mkodzo. Impso zikafooka amakhalitsa m'magazi, amachuluka, ndipo wina amadutsa kulowa mu ubongo. Mu ubongomo muli zinthu ziwiri, glycine ndi GABA, zimene zimagwira ntchito ngati mabuleki, kuletsa minyewa kuti isangowombera chisawawa. TXA amakhala pamalo pamene ziwirizi zimayenera kukhala, mabuleki n'kumasuka. Mankhwala ogonetsa monga propofol amalimbitsa mabuleki omwewo, n'chifukwa chake vutoli limabisala munthu ali m'tulo, n'kudzatulukira pa nthawi imene tikumudzutsa. Limakonda okalamba, a impso zofooka, amene atsegulidwa m'kati mwa mtima mwenimweni, ndi amene akhalitsa pa makina.

Kuyambira tsiku limenelo, polandira wodwala kuchokera ku thiyeta ndimafunsa zinthu ziwiri zimene kale sindinkafunsa: "Adokotala, TXA mwapereka wochuluka bwanji, ndipo impso zili bwanji?" Ndikamva mlingo waukulu pa impso zofooka, pomudzutsa ndimakhala chiimire pambali pa bedi, jakisoni ali wokonzeka, maso ali pa zikope.

Ndiye mlingo woyenera ndi uti? Ku China anayesa funso limeneli m'kafukufuku wa OPTIMAL, amene anatuluka mu 2022, pa odwala oposa 3,000. Ena analandira mlingo waukulu, woyambira pa mamiligalamu 30 pa kilogalamu, ena wochepa, woyambira pa 10. Oikidwa maselo ofiira anali pafupifupi 22 pa 100 aliwonse pa mlingo waukulu, ndi 26 pa wochepa, ndipo mavuto akuluakulu ataphatikizidwa onse sanasiyane kwenikweni. Phindu lowonjezera lilipo, koma ndi anthu 4 pa 100. Kwa ine zimenezi zikutanthauza kuti mlingo suyenera kukhala umodzi kwa aliyense ngati yunifolomu. Mnyamata wa impso zamphamvu amene akutsegulidwa chifuwa kachitatu, wothekera kutaya magazi kwambiri, akhoza kupindula ndi wochuluka. Agogo a impso zotopa ayenera kulandira wochepa. Ena anaganiza zozemba ubongo pothira mankhwalawo m'chifuwa momwemo asanatseke, m'malo mobaya mu mtsempha. Nzeru yake inali yomveka, koma kafukufuku wa DEPOSITION, amene anatuluka mu 2024, anaimitsidwa asanathe chifukwa othiridwa m'chifuwa ankaikidwa magazi kwambiri, pafupifupi 35 pa 100 poyerekeza ndi 27.

Pali zimene mankhwalawa sangachite, ndipo namwino watsopano aliyense ndimamuuza zimenezi sabata yake yoyamba. TXA sasoka. Kamtsempha kakamasuka pamene panali pomanga, ungapereke mabotolo angati, magazi apitiriza kutuluka mpaka dzanja la dokotala lifikepo. Ndikukumbukira bambo wina, wosakalamba kwenikweni, amene analandira zonse mwa dongosolo. Ola loyamba botolo linakwera ndi mamililita 300. Tinayeza magazi, kuundana kwake kunali bwino. Tinawafunditsa, tinawonjezera protamine pang'ono. Ola lachiwiri, 350, ndipo paipi inali yofunda m'dzanja langa. Dokotala wa opaleshoni atabwera sanataye nthawi ndi makina. Anagwada pambali panga, anakweza paipi, anaona mmene magazi akudzaziramo pamene iye akuyang'ana, n'kunena kuti tibwerere. Anakapeza kanthambi kakang'ono ka mtsempha watsopano umene anaulumikiza pa mtima kakutuluka magazi. Kusoka kwake kunatenga mphindi zochepa chabe. Tikanati tizingowonjezera mankhwala ndi mapaketi a pulazima, gawo lamadzi la magazi, poopa kubwerera ku thiyeta, tikanawaononga bambo amenewo.

Ndipo choopsa kuposa botolo lodzaza ndi botolo losiya mwadzidzidzi. Magazi amene amatsika bwinobwino akangoti zii, kwinaku mtima ukuthamanga, mkodzo ukuchepa, manja akuzizira, kawirikawiri ndiye kuti paipi yatsekeka ndi magazi oundana, ndipo otsalawo akuunjikana m'kati, kuzungulira mtima, n'kumaufinya mpaka kulephera kudzaza. Namwino wosazolowera amalemba ziro pa pepala n'kupuma. Wozolowera amaimirira n'kuitana. Mankhwala ndi gawo limodzi chabe la ntchitoyi. Pambali pake pali kuimitsa pa nthawi yake mankhwala ena osungunula magazi opaleshoni isanafike, kuchiritsa kuchepa kwa magazi munthu asanagone pa tebulo, makina otolera magazi a wodwala yemweyo pa bala, kuwatsuka n'kuwabwezera, kufunditsa thupi, ndi kuleza mtima kwa dokotala amene amayang'ana msoko uliwonse kawiri asanatseke.

Sabata yathayi ndinali ndi bambo a zaka za m'ma 60, olumikizidwa mitsempha itatu. Anafika madzulo. Mphindi 15 zoyamba, mamililita 40. Ola loyamba, 90. Kenako 60, 40, 30, ndipo pofika pakati pa usiku zotsika m'paipi zinali zitatuwa. Ndinachepetsa mankhwala ogonetsa ndili chiimire, maso pa zikope. Zinatseguka zonse ziwiri pamodzi, ndipo anafinya dzanja langa mwamphamvu ndisanamalize kupempha. Paipi yopumira inachoka 2 koloko isanakwane.

M'mamawa akazi awo analowa, atavala chovala chodzitetezera chokulirapo pa msinkhu wawo. Anayang'ana amuna awo nthawi yaitali osalankhula, kenako anayang'ana m'mwamba pa mitengo ya madiripi, ngati akufuna chinachake.

"Anamwino, paja anatisainitsa za magazi. Mwawaika mapaketi angati?"

"Sitinawaike, mayi. Akuyendera awo omwe."

Anagwedeza mutu, n'kubwerera kukagwira dzanja la amuna awo. Ine ndinagwada komaliza, n'kudula kamzere ka 6 koloko, kamene kanangokwera pang'ono chabe pamwamba pa ka 5 koloko. Kenako ndinaimbira foni ku nkhokwe ya magazi, n'kutchula dzina ndi nambala, kuti mapaketi anayi amene anawasungira bambowa awamasule. Wa kumeneko anandiuza kuti ndibwereze nambalayo, chifukwa awiri mwa mapaketiwo akufunika nthawi yomweyo ku chipinda cha amayi obereka.